Kwacha ikagwa thumba limalemba phindu, koma phindulo ndi la ndani?

Pa 9 Novembala 2023, dola imene dzulo lake banki inkagulitsa pa K1,180 inafika pa K1,700. Zimene zinatsatira m'misika ndi m'magolosale palibe chifukwa chokumbutsana. Koma si onse amene analira tsiku limenelo. Kampani kapena thumba lililonse limene linali ndi chuma chowerengeredwa m'madola linalemba m'mabuku mwake kuti chumacho chakula ndi 44 peresenti, chonsecho panalibe sheya imene inagulidwa mwanzeru, panalibenso katundu amene anagulitsidwa. Madola anali omwewo. Chinasintha ndi nambala yochulukitsira basi.

Nkhani yanga ili pa matumba osonkherana ndalama, aja amatchedwa unit trust kuno ndi ku South Africa, kapena mutual fund ku America. Lipoti lawo la pachaka limakhala ndi masamba ena cha kumapeto, a zilembo zing'onozing'ono, ofotokoza mfundo zimene thumba limatsata powerengera ndalama zakunja ndi katundu amene lagula. Ambiri timawalumpha, n'kuthamangira pa peresenti ya phindu imene yalembedwa zikuluzikulu pa tsamba loyamba. Ine ndikuti masamba olumphidwawo ndi amene amagamula kuti pakati pa anthu osonkha m'thumbamo, ndani adye za mnzake. Ndipo momwe amalembedwera masiku ano, ngakhale akutsata malamulo onse a ma akauntanti, amasiya mumdima zinthu ziwiri zimene mwini ndalama ayenera kudziwa: ngati mtengo wa dola umene wagwiritsidwa ntchito uli mtengo woti munthu angapezere dola, komanso kuti m'phindu limene akumuuzalo, la luso la oyendetsa thumba ndi liti, la kugwa kwa kwacha ndi liti.

Ku banki m'khonde vutoli kulibe. Onse amayamba limodzi, amagawana limodzi kumapeto kwa chaka, ndalama zili poyera aliyense akuwerenga nawo. Mu unit trust khomo silitsekedwa. Wina akulowa Lolemba, wina akutuluka Lachitatu, katundu wa thumba ali chikhalire osagulitsidwa. Ndiye kuti wolowa ndi wotuluka apatsidwe mtengo, oyendetsa thumba amaphatikiza mtengo wa masheya, mapepala a ngongole za boma ndi ndalama zili ku banki, amachotsa zimene thumba liyenera kulipira, n'kugawa zotsalazo ndi chiwerengero cha mayuniti, magawo amene osonkha amagula m'thumbamo. Mtengo wa yuniti ndi wongowerengera, koma ndalama zimene munthu amapereka kapena kulandira pa mtengo umenewo ndi zenizeni. Ukakwera kuposa choonadi, wotuluka amanyamula zoposa zake. Ukatsika, wolowa amagula motchipa. Konsekonse wolipira ndi yemwe uja wangokhala phee m'thumbamo, amene nthawi zambiri ndi wosunga za sukulu ya ana kapena za ukalamba.

Mfundo zake n'zofanana pafupifupi kulikonse. Katundu wa kunja amawerengedwa m'ndalama ya kwawo kwa thumba pa mtengo wosinthira wa tsiku lowerengeralo. Kugula, kugulitsa, chiwongoladzanja ndi magawo a phindu la masheya zimalembedwa pa mtengo wa tsiku limene zinachitika. Kusiyana kumene kwabwera pakati kumalowa m'phindu kapena kuluza. Kuno ku Malawi timatsata malamulo a IFRS, amene maiko ambiri amatsata polemba mabuku a ndalama, ndipo la ndalama zakunja ndi IAS 21. Ku London kapena New York palibe chovuta pamenepa, poti mtengo wa dola ndi umodzi ndipo wofuna kugula amagula nthawi yomweyo. Malamulowa analembedwa poganizira misika yotere.

Tiyeni tiyerekeze, ndipo ichi ndi chitsanzo chabe, osati thumba lenileni. Thumba lili ndi katundu wa madola 100,000 kunja, ndi K118 miliyoni kuno. Pa mtengo wa K1,180 zonse pamodzi ndi K236 miliyoni. Mayuniti alipo 236,000, iliyonse K1,000. Kwacha itagwa, katundu wa kunja uja wafika pa K170 miliyoni, thumba lonse K288 miliyoni, yuniti K1,220. Eni ake atetezedwako, ndipo n'chifukwa chake anaika gawo lina kunja.

Tsopano pabwere munthu wa makutu aatali. Sizinafunike kukhala mfiti kuti udziwe zimene zinkabwera: boma linkakambirana ndi IMF, mabanki analibe madola, ndipo mu Meyi 2022 kwacha inali itagwetsedwapo kale ndi 25 peresenti. Munthuyu waika K118 miliyoni patatsala masiku awiri, walandira mayuniti 118,000 pa K1,000. Thumba silingasinthe makwacha akewo kukhala madola, poti madolawo kulibe. Kwacha ikagwa, thumba lonse ndi K406 miliyoni, mayuniti 354,000, yuniti K1,147. Mlendo uja wapindula K17 miliyoni m'masiku awiri. Eni thumba akale, m'malo mwa K1,220, ali ndi K1,147, ndipo mukachulukitsa kusiyanako ndi mayuniti awo mupeza K17 miliyoni yomweyo. Palibe lamulo limene laswedwa. Ma odita asaina osaphethira. Thumba lamugulitsa munthu madola pa mtengo umene banki iliyonse ikanamuuza kuti akadikire pa mzere.

Mbali ina ya vuto lomweli inaonekera ku Nigeria. Kwa zaka zingapo matumba a ku Ulaya ndi America amene anagula masheya ku Lagos ankatha kugulitsa masheyawo, koma kusintha naira kukhala madola kunkatenga miyezi. Thumba lowerengera naira zotsekeredwazo pa mtengo wa boma linkaonetsa chuma chimene silikanatha kubweretsa kwawo. Wotuluka msanga ankalipidwa madola enieni ochokera ku katundu wa m'maiko ena, otsala n'kutsala ndi gawo lalikulu la naira. Mu Juni 2023 banki yaikulu ya dzikolo italekerera naira, dola inachoka pafupifupi pa 460 n'kudutsa 700 m'masiku ochepa. Mu Seputembala chaka chomwecho FTSE Russell, kampani yolemba mindandanda ya masheya imene matumba ambiri amatsata, inachotsa masheya a ku Nigeria pa mndandanda wake powawerengera ngati opanda mtengo, osati chifukwa makampaniwo anagwa, koma chifukwa ndalama yosatuluka siingawerengedwe ngati ndalama ya m'manja.

A ku Zimbabwe anaona zoposa pamenepo. Mu Febuluwale 2019 boma linatulutsa lamulo la Statutory Instrument 33, lonena kuti ndalama zimene zinali m'mabuku ngati madola a America ziwerengedwe ngati RTGS dollar, ndalama yatsopano ya dzikolo, pa mtengo wa imodzi kwa imodzi. Msika wa pakati pa mabanki utatsegulidwa unayambira pa 2.5. Makampani anatsata lamulo la dziko, ma odita nawo n'kulemba m'malipoti ambiri kuti mabukuwo sakugwirizana ndi IAS 21. Anthu atasowa mtengo wodalirika anayamba kuyerekeza mtengo wa sheya ya Old Mutual ku Harare ndi mtengo wake ku London kapena Johannesburg, n'kupeza mtengo wa dola umene msika unkaukhulupirira. Mu Juni 2020 boma linatseka msika wa masheya, ndipo utatsegulidwa mu Ogasiti masheya a Old Mutual, PPC ndi Seed Co International sanabwerere nawo. Abale athu amene akhala ku Harare ndi Bulawayo kuyambira nthawi ya makolo awo safunika kuuzidwa zimene nambala yosinthira ingachite pa penshoni ya munthu.

Wina afunsa kuti kodi ndikufuna thumba lizitenga mtengo kwa anyamata osintha ndalama pa msewu? Ayi. Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ndi yolemera. Thumba lolembetsedwa silingagulitse madola kuseri. Likafuna kusintha madola ake lipita ku banki ndipo lilandira mtengo wa banki, choncho kulemba katundu wake pa mtengo wa pa msewu kungakhale kulonjeza ndalama zimene silingazipeze mwalamulo. Chinanso, mtengo wa boma aliyense angautsimikize. Mukangolola oyendetsa thumba kuti azidziganizira okha mtengo, mwapatsa mphamvu anthu amene malipiro awo amakwera chuma cha thumba chikakwera. Pa ziwirizi ndikuvomereza. Koma kuvomereza kuti nambala ya boma ikhale m'mabuku sikutanthauza kuti thumba likhale chete ngati nambalayo ilibe vuto, kapena kuti lizilandira aliyense pa khomo pa mtengo umenewo.

Bungwe lolemba malamulo a IFRS nalo linavomereza kuti panali mpata. Mu Ogasiti 2023 linasintha IAS 21, ndipo kusinthako kunayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025. Tsopano kampani iyenera kudzifunsa ngati ingathedi kupeza ndalama inayo m'nthawi yoyenera, kudzera m'njira yovomerezeka. Ngati zimene ingapeze n'zochepa zosanunkha kanthu, ndalamayo imatengedwa kuti siisinthika, ndipo kampani iyenera kuyerekeza mtengo umene ukanakhalapo pa malonda achilungamo, n'kufotokoza momwe yaupezera ndi chiopsezo chimene chilipo. Kuyambira mu Malichi 2024 dola yakhala pa K1,751 ku banki kwa nthawi yaitali, pamene mu 2025 mtengo wa pa msewu unaposa pamenepo kawiri. Pa dziko lotere funso limeneli silingayankhidwe ndi chiganizo chimodzi chokopera ku lipoti la chaka chatha. Thumba linene kuti linapempha madola angati, linapatsidwa angati, linadikira nthawi yaitali bwanji. Likapeza kuti kwa ilo kwacha imasinthika, lionetse umboni.

Palinso ka tebulo kena kamene IFRS 7 imalamula, koonetsa zimene zingachitike ku chuma cha thumba ndalama ikasintha mphamvu. Lamulo limati agwiritse ntchito kusintha kumene kungathe kuchitikadi. Chizolowezi cha malipoti ambiri pa dziko lonse ndi kulemba 5 kapena 10 peresenti. Ku Switzerland mwina zikumveka. Dziko limene laona dola ikuchoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi mu Meyi 2012, kenako za 2022 ndi 2023, tebulo la 5 peresenti ndi nthabwala.

Chachiwiri chija, chopatula phindu la luso ku phindu la kugwa kwa kwacha, ndi chimene chimandivuta kwambiri, chifukwa pano malamulo amalola poyera. Lipoti la mutual fund ya ku America kawirikawiri limanena kuti thumba silipatula gawo la phindu lobwera ndi kusintha kwa ndalama ku gawo lobwera ndi kusintha kwa mitengo ya masheya. Zonse zimalowa pa mzere umodzi. Nayo IAS 21 imafuna kuti kampani ionetse phindu kapena kuluza kwa kusinthitsa ndalama, koma imachotsapo katundu wowerengedwa pa mtengo wa msika kudzera m'phindu ndi kuluza, amene ndiye pafupifupi katundu yense wa unit trust. Kwa munthu wa ku Boston amene thumba lake lili ndi masheya ku Japan ndi Germany, mwina kusakanizako sikupweteka kwambiri, poti yen ndi euro zimakwera n'kutsika, zaka zikamapita zimadyana zokha. Kwacha siyenda choncho. Imapita mbali imodzi.

Taonani 2023. Muyeso wa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange unakwera ndi pafupifupi 79 peresenti m'makwacha. Mukauwerengera m'madola unakwera ndi pafupifupi 9 peresenti. Nambala zonsezi n'zoona, koma zikunena nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ya pa chikwangwani chotsatsa malonda tikuidziwa. Thumba limene lili ndi katundu kunja nkhani yake ndi yoonekeratu: sheya ikhoza kutsika mtengo ku Johannesburg ndi 10 peresenti, kusonyeza kuti osankha anasankha molakwa, koma m'makwacha n'kuoneka kuti yapindula. Ngakhale thumba losatuluka m'dziko silinapulumuke. Pa msika wathu pali FMB Capital Holdings, imene mabuku ake amalembedwa m'madola, ndi Old Mutual Limited, imene msika wake waukulu uli ku Johannesburg. Mwini mayuniti ali ndi ufulu wodziwa ngati akulipira luso kapena akulipira tsoka la dziko lake.

Pakuti amalipiradi. Malipiro a oyendetsa thumba amakhala peresenti ya chuma chonse cha thumba. M'chitsanzo chathu chija, K52 miliyoni inaonjezeka usiku umodzi. Pa malipiro a 2 peresenti imeneyo ndi K1 miliyoni yoonjezera pa chaka, pa ntchito imene anaigwira ndi a ku Reserve Bank. Sindikuti oyendetsa thumba asalandire kanthu, nawonso lendi ndi malipiro a antchito zimawakwerera. Ndikuti nambalayo ilembedwe payokha kuti anthu aione, ndipo bonasi iliyonse ya kuchita bwino iwerengedwe phindu la kugwa kwa kwacha litachotsedwamo. Zoti kupatula n'kovuta zinali zomveka nthawi ya mabuku olemba pamanja. Lero kompyuta imene ikusunga mtengo wogulira m'randi, mtengo wa lero m'randi, ndi mitengo iwiri yosinthira, yamaliza kale masamuwo. Malamulo sanaletse kupatula. Anangoti si mokakamiza.

Pa katundu wa kuno komweko, funso ndi lomwelo: mtengo umene walembedwa, alipo angagule pa mtengowo? IFRS 13 imagawa mitengo m'magulu atatu, loyamba la mitengo yooneka pa msika wa malonda ochitika pafupipafupi, lachitatu la mitengo yongoyerekeza. Msika wathu uli ndi makampani osakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa. Munthu akagula masheya 500 pa mtengo wokwera, thumba limene lili ndi masheya mamiliyoni a kampani yomweyo limawalemba onse pa mtengo watsopanowo. Lamulo limalola ngati msikawo ukutengedwa kuti ndi wa malonda a pafupipafupi, ndipo apa ndi pamene lipoti liyenera kunena kuti kugulitsa zonsezo kungatenge nthawi yaitali bwanji.

Mapepala a ngongole za boma ndiye oopsa mwakachetechete. Thumba likamawawerengera pa mtengo wogulira n'kumangoonjezera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, yuniti imakwera mosalala, mwini wake n'kumaganiza kuti ali ndi akaunti ya ku banki. Ku Ghana zinali choncho mpaka mu 2022, pamene chiwongoladzanja chinakwera kwambiri ndipo mapepala akale anagwa mtengo pa msika. Otuluka ankalipidwa pa mtengo wa m'mabuku, thumba likugulitsa mapepala moluza kuti liwalipire. Mu Okutobala chaka chimenecho bungwe loyang'anira misika ya ndalama la dzikolo linalamula matumba kuti aziwerengera pa mtengo wa msika. Anthu anadzuka n'kupeza ndalama zawo zachepa, anakwiya, ndipo mu Disembala boma linalengeza zosintha ngongole zake za m'dziko. Mkwiyowo unali womveka, koma lamulolo silinabe ndalama ya munthu; ndalamazo zinali zitapita kale, ndipo amene anathawa msanga ananyamulako gawo la anzawo. Boma lathu nalo lakongola kwambiri m'dziko muno, ndipo matumba ndi penshoni ndi ena mwa olikongoza. Sindikulosera kanthu. Ndikungoti amene thumba lake ladzaza mapepala a boma afunse kuti akuwerengedwa pa mtengo uti, ndipo atagulitsidwa lero angabweretse zingati.

Zonsezi sizikufuna lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo. Gavanala wa Reserve Bank ndi amenenso ali Registrar of Financial Institutions, woyang'anira matumba amenewa, ndipo ali ndi mphamvu yotulutsa malangizo a zimene ayenera kuuza anthu. ICAM, bungwe la ma akauntanti m'dziko muno, ingathe kulangiza ma akauntanti ndi ma odita ake. Pa kapepala ka mwezi ndi mwezi, osati m'lipoti la masamba 80 lokha, thumba lililonse lionetse phindu m'makwacha, phindu kukwera kwa mitengo ya zinthu kutachotsedwa, ndi gawo lobwera ndi kusintha kwa ndalama. Tebulo la chiopsezo ligwiritse ntchito kugwa kwakukulu kumene kwachitikadi m'zaka zisanu zapitazo.

Pali chovuta chimodzi pa pempho langa chimene sindingachibise. Ofesi imene ikuyang'anira matumba ndi yomweyo imene ikulengeza mtengo wa dola. Kuuza thumba kuti lilembe poyera kuti madola pa mtengo wa banki sakupezeka ndi kupempha ofesiyo kuti ilole ena kunena zimene yokha safuna kumva. N'chifukwa chake sindikuyembekeza zambiri kuchokera kumeneko msanga, ndipo ndikuloza kwa ma trustee, amene ntchito yawo ndi kuimira eni mayuniti osati kampani yoyendetsa thumba. Iwo safunika chilolezo cha aliyense kuti aone kuti ndalama zikuluzikulu zikulowa mwadzidzidzi m'thumba la katundu wa kunja pamene mphekesera za kwacha zili mkamwamkamwa. Angathe kukakamiza kuti m'malamulo a thumba mulembedwe kuti pa nthawi yotere thumba lisiye kaye kulandira ndalama zatsopano zimene silingathe kuzisintha, kapena kuti ndalamazo zisungidwe m'gulu lakelake la mayuniti a makwacha mpaka madola ake atapezeka. M'chitsanzo chija, chiganizo chimodzi chotere chikanasunga K73 pa yuniti iliyonse ya eni thumba akale.